Die ya Dillon yokhazikira mitu ya 9mm: miyezi 8 ndikuiyesa ndi mtovu woumba ndekha

Ndiyambe ndi kukhazika mitima pansi, chifukwa ndikudziwa kuti abale ena akangomva mawu oti chipolopolo tsitsi limawaima. Ine ndimakhala kuno ku Joni, mapepala anga ndi okhazikika, ndipo mfuti yanga, CZ 75 SP-01 Shadow, ili ndi laisensi ya masewera. Lamulo la mfuti la dziko lino, Firearms Control Act la chaka cha 2000, limalola munthu wa laisensi kudzilodera, kutanthauza kudzipangira yekha, zipolopolo za mfuti yakeyo, osati zogulitsa. Ndiye zimene ndikulembazi ndi za ife amene timakaboola makatoni ndi kugwetsa timbale tachitsulo Loweruka m'mawa, kenako n'kubwerera kunyumba thumba lili pululu.

Thumba lomwelo ndi limene linandiphunzitsa kuumba ndekha mitu ya zipolopolo, kamtovu kaja kamene kamauluka mfuti ikalira. Mtovu ndimautola kuchulu chakumapeto kwa bwalo lowomberako tsiku limene kalabu yalola, wina ndimagula kwa ogulitsa zitsulo zakutha. Ndimausungunula panja, kuseli kwa galaja, ana ali kutali, madzi alinso kutali chifukwa dontho limodzi likalowa pansi pa mtovu wamadzimadzi mphika umakulavulira kumaso. Ndikathira m'chikombole mumatuluka mitu yamphuno yobulungira yolemera pafupifupi magiramu 8, imene ife timaitcha ya 124 grain. Ndikatero ndimaipaka phula m'kamzere kake kuti mtovu usamatirire mumpope wa mfuti. Phula limeneli likumbukireni, chifukwa ndilo linandichititsa kugula die ya Dillon imene ndikuikamba, kachipangizo kachitsulo komangirira pamakina olodera zipolopolo.

Kwa amene sanaonepo, die yokhazikira ntchito yake ndi imodzi: chigoba cha chipolopolo chikakhala ndi primer (kabatani ka kumatako koyatsa moto) ndi wonga, imakankhira mutu m'kamwa mwa chigobacho mpaka pamene mwaiuza. Basi. Ntchito yooneka yopepuka, koma pa 9mm ndi pamene pagona nkhani yonse.

Chaka changa choyamba ndinkaganiza kuti utali wa chipolopolo ndi nambala yongokopera. Mabuku a zolodera zipolopolo amati 9mm isapitirire mamilimita 29.69 kuchokera pansi pa chigoba kufika pansonga. Ndinayeza zipolopolo zogula m'sitolo ndi vernier yanga, kachipangizo koyezera utali, ndinapeza zili cha m'ma 29.2, ine n'kutchera die yanga yakale pomwepo. Ndinaloda zokwana 100, zonyezimira bwino, mtima uli m'malo. Nditafika kubwalo, chipolopolo choyamba chinalowa, slide, chitsulo chapamwamba pa mfuti chimene chimapita m'mbuyo ndi kutsogolo, n'kuima itatsala pang'ono kutseka. Kukoka, yakana. Kukankha, yakana. Anzanga ali pamzere kudikira, ine thukuta kamukamu.

Pakalabu pathu pali mdala wina wachibunu amene tonse timangomuitana kuti Oom. Anandithandiza kutulutsa chipolopolocho mfuti italoza kuchulu, n'kundionetsa mphuno yake. Panali timabala tating'ono tozungulira, pamene mizere ya mumpope inaluma mtovu. Anaphwasula mfutiyo, n'kugwira mpope wokha m'manja chemba, kachipinda kolowa chipolopolo, italoza kumwamba. Anaponyamo chipolopolo cha m'sitolo, chinangoti kho! Anachizunguza ndi zala, chikuzungulira mosavuta. Anazondotsa mpope, chagwera m'dzanja. Ataponyamo changa, chinakhala zii, matako ali pamtunda, osazungulira, ndipo kuti chituluke anachita kuchikanula ndi chikhadabo. Ndinati, "Koma Oom, utali wake ndi wofanana ndi wa m'sitolo." Iye anangoseka, n'kundiuza kuti mpope wanga sunawerengepo buku.

Amachitcha kuti plunk test, dzina lochokera ku kulira komweko. Chimene chimachitika n'chakuti mutu wa m'sitolo wokutidwa ndi mkuwa ndi wowonda, mainchi 0.355, ndipo mphuno yake imayamba kuchepa msanga. Wamtovu timausiya wonenepako, 0.356 kapena 0.357, kuti utseke mpope bwino, ndipo wa m'chikombole changa uli ndi mphuno yonenepa ngati ya mbuzi yodya gaga. Mbali yonenepayo imakagunda mizere chigoba chisanafike pokhalira pake. Mipope ya CZ imadziwikanso kuti kampata ka pakati pa chemba ndi poyambira mizere ndi kakafupi. Ndinabwerera kunyumba, n'kupanga chipolopolo chachabe, chopanda primer ndi wonga, n'kumachitsitsa pang'onopang'ono. Chinayamba kulira kho pa 27.7. Ndinachotsaponso 0.3 kuti pakhale mpata, popeza mitu youmba pamanja siifanana ndendende. Nambala yanga inakhala 27.4.

Apa ndi pamene anthu ambiri amaimira, ndipo ndi pamene pali ngozi yeniyeni. Vernier imayeza zakunja, pamene wonga umamva zam'kati. Wonga sudziwa kuti nsonga ya mutu yafika pati. Umadziwa malo amene wasiyiridwa kuti upsere. Samu yake ndi ya Sitandade 5: utali wa chigoba kuphatikiza utali wa mutu, kuchotsapo utali wa chipolopolo chonse. Yotsalayo ndiyo mbali ya mutu imene yamira m'chigoba. Zigoba zanga zimakhala cha m'ma 19.1. Mutu wa m'sitolo umene ndinazula unali 15.2, ndiye pa 29.2 unamira 5.1. Wanga ndi 14.6, pa 27.4 umamira 6.3. Kusiyana kwake ndi mamilimita 1.2, kanthu kochepa kuposa mutu wa machesi. Koma chigoba cha 9mm ndi kachipinda kakang'ono, ndipo chimagwira ntchito pamphamvu yofika 35,000 psi (muyeso wa mphamvu yokankha ya mpweya), pamene mtundu wa zipolopolo wa .45 ACP umalekezera pa 21,000 ndipo .38 Special pa 17,000. Mukachepetsa chipinda wonga n'kukhala womwewo, mphamvuyo imakwera, ndipo siikwera mwaulemu. Ndinayenera kuyambiranso kumlingo wotsikitsitsa wa m'buku wa mitu yamtovu, n'kumakwera mwakachetechete ndikuyang'ana zigoba ndi liwiro pa chronograph ya kalabu. Mlingo wanga wa wonga musandifunse. Ndi wa mpope wanga ndi mutu wanga.

Zonsezi ndinaziphunzira ndisanagule Dillon. Chimene chinandipititsa kusitolo ndi china.

Tsiku lina madzulo ndinatchera die yanga yakale pa 27.4, kuyeza zisanu zoyamba, zonse zili bwino. Ndinatsegula wailesi n'kuyamba kupukusa. Nditafika cha m'ma 150, ndinatola chimodzi mongoyerekeza, vernier n'kunena 27.0. Ndinayesa kuti batire yatha. Kutola china, 27.05. Kutola cha pansi pa bokosi, cha koyambirira, 27.4. Die sinasunthe, nati inali gwa. Nditaimasula n'kusuzumira m'kati ndi tochi, ndinapeza phula launjikana pakachitsulo kokankha mutu, losakanikirana ndi tinyenyeswa ta mtovu, lolimba ngati chikonga cha nsima yadzulo. Mutu uliwonse unkasiyako pang'ono, ndipo muluwo unkakankha wotsatira mozamirapo. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ine sindinalidye, koma linandidyera usiku wonse. Ndinakhala pakhonde ndi kahamala kozulira mitu, kumenya pathabwa, chimodzichimodzi, mpaka mayi a kunyumba anatuluka ndi chitenje kudzafunsa ngati ndayamba ukalipentala. Kulakwa kunali kwanga, chifukwa sindinkayeza pakati pa ntchito. Koma chifukwa chimene ndinkazengerezera kutsuka die ija n'chakuti kuitsuka kunkatanthauza kumasula zonse n'kuyambiranso kutchera.

Dillon Precision ndi kampani ya ku Scottsdale, ku Arizona, yodziwika ndi makina ake a buluu olodera zipolopolo zambiri nthawi imodzi. Ine makina awo ndilibe. Anga ndi a kampani ina, a mtundu wa turret, okhala ndi chimbale chozungulira chomangirapo die zingapo. Koma mathiredi a die zawo ndi omwe aja a aliyense, 7/8-14, ndiye inalowa popanda vuto.

Chimene ndinalipirira ndi ichi. Die imeneyi ili pawiri: thupi lakunja limene limamangidwa pamakina, ndi kachubu kam'kati kamene kamanyamula kachitsulo kokankha mutu. Kachubuko kamagwiridwa ndi kawaya kopinda pamwamba. Mukasolola kawayako ndi zala, kachubu kamagwera pansi m'dzanja lanu. Mumakapukuta ndi kansalu konyowetsa ndi sipiriti, kutokosa phula ndi kamtengo ka machesi, kukabwezera, kulowetsa kawaya. Thupi lakunja silinasunthe, ndiye utali sunasinthe. Nthawi yoyamba sindinakhulupirire. Ndinayeza chipolopolo chomaliza ndisanatsuke, 27.38, choyamba nditabwezera, 27.41. Ntchito yonse yosakwana mphindi ziwiri. Masiku ano ndimatsuka ndikaloda 100 zilizonse, ndipo popeza n'kosavuta, ndimachitadi. Kukoma kwake kwagona pamenepo. Die imeneyi siiletsa phula kuunjikana, phula limabwera ndithu; imangochotsa ulesi umene unkandiletsa kulichotsa.

Kachitsulo kokankhako kali ndi mbali ziwiri, ina yolowa ngati kambale ya mitu yobulungira, ina ya mitu yaphwatalala. Mumachotsa kapini, kutembenuza, kubwezera. Pa mtovu zimenezi si zokongoletsa ayi. Mtovu ndi wofewa, ndipo chokankha chikapanda kugwirizana ndi mphuno chimadinda mphete pamutu kapena kuuphwanya nsonga, utali n'kumasinthasintha popanda chifukwa chooneka. Mnzanga wina anandibwereka chikombole cha mitu yodula nsonga, ndinangotembenuza kachitsuloko ndipo inakhala bwino, ngakhale ndinayenera kuyambiranso plunk test ndi samu ija, chifukwa mutu wina ndi nkhani ina. Pakamwa pa die ndi potambasuka bwino, moti mutu ukakhala wopendekeka pang'ono pachigoba umawongoka polowa, zala osapanidwa.

Chinanso chimene ndachikonda, ngakhale poyamba ndinachiona ngati chowonjezera ntchito: die imeneyi siifinya kamwa la chigoba. Kufinyako, kumene timati crimp, kuli ndi die yakeyake. Yanga yakale inkachita zonse ziwiri pakamodzi, ndipo ndi mitu yamtovu zimenezo zimavuta, chifukwa kamwa limayamba kutseka mutu ukadali kutsika, n'kuusenda. Mumaona kamphete kowonda ka mtovu pamlomo pa chigoba. Pa 9mm chipolopolo chimaima mu chemba potsamira mlomo womwewo, ndiye kamphete kameneko kamakwanira kulepheretsa slide kutseka. Chisiyanitsireni ntchito ziwirizi, kusenda kunatha. Crimp ndimangoichita yobweza mlomo umene ndinautambasula, cha m'ma 9.6, osapitirira. Ena amaganiza kuti kufinya kwambiri ndiko kumagwira mutu kuti usabwerere m'kati ukagunda polowera mumpope. Ayi ndithu. Chimagwira mutu ndi kuthina kwa chigoba chonse, ndipo mukafinya mopitirira, mkuwa wa chigoba umabwererako pang'ono koma mtovu subwerera, mutu n'kukhala wogwedera kuposa kale. Ine ndimatenga chimodzi pa makumi angapo, kuchiyeza, kuchikanikiza mphuno pathebulo ndi chala chachikulu mwamphamvu, n'kuchiyezanso. Chikafupika, ndimaima n'kufufuza.

Tsopano zimene muyenera kudziwa musanatulutse ndalama. Die imeneyi ilibe kotchera pamwamba kokhala ndi manambala ngati zija za micrometer. Kuti musinthe utali mumamasula nati n'kuzunguza thupi lonse. Mathiredi ake ndi 14 pa inchi imodzi, kutanthauza kuti kuzunguza kamodzi kathunthu ndi mamilimita 1.8. Pa 9mm umenewo ndi ulendo wautali. Ine ndinajambula kadontho ndi cholembera pamwamba pake n'kumaganiza za wotchi: kuchoka pa 12 kufika pa 1 ndi pafupifupi 0.15. Pomanga nati, siyani chipolopolo chachabe chili m'kati mwa die chitakwezedwa, kuti isagwedezeke. Zinanditengera mwina mphindi 20 kuti ndifike pa 27.4 yeniyeni. Kwa ine amene ndimaloda mutu umodzi chaka chonse, ndi ntchito ya kamodzi kokha. Koma ngati ndinu wokonda kusinthasintha, lero chikombole ichi mawa china, mudzatopa nayo, ndipo die ya micrometer ingakuyenereni bwino. Njira yochepetsera ntchitoyo ndi kusunga chipolopolo chachabe cha mutu uliwonse, cholembedwa utali wake pambali. Mumangochikweza n'kutsitsa die mpaka itachikhudza.

Mudziwenso kuti seti yawo ya mfuti zam'manja ili ndi die zitatu: yobweza chigoba pamsinkhu n'kuchotsa primer yakale, yokhazikira, ndi ya crimp. Yotambasula kamwa mulibemo, chifukwa pamakina awo ntchito imeneyo imachitika pothira wonga. Si chinyengo, anaipangira makina awo, koma amene muli ndi makina a kampani ina musataye die yanu yotambasulira. Pa mitu yamtovu ndi yofunika kwambiri. Chigoba cha 9mm chimanenepa makoma mukamatsika, ndiye mutu womira 6.3 ngati wanga umakafika pothina. Mukapanda kutambasula mokwanira, chigoba chimafinya matako a mutu, 0.357 uja n'kusanduka 0.355, mpweya wamoto n'kumadutsa m'mbali, mpope n'kudzaza mtovu. Ndinazula mitu itatu nditaikhazika n'kuiyeza matako kuti nditsimikize kuti sinaphwe. Nati yake ndi wamba, yopanda kaskuruu kokhomera, ndiye amene mumachotsa die pamakina nthawi iliyonse mugule mphete yokhoma, apo ayi muzitchera mwatsopano. Mtengo nawo ndi wowawako. Kuno chinthu chochokera ku America chimafika chitanenepa ndi msonkho ndi kugwa kwa randi, ndipo die imodziyi inandidya ndalama yoyandikira imene ndinagulira seti yanga yonse yakale.

Amene mumaloda za revolver, ngati .38 Special, vuto la utali silikukukhudzani kwenikweni. Mitu yake yambiri imatuluka m'chikombole ili ndi kamzere ka crimp, mumakhazika mpaka pamenepo, kuonetsetsa kuti nsonga siikutulukira kutsogolo kwa silinda, mwatha. Phula lokha ndi limene lingakuvutitseni mofanana. Ndipo amene munasiya phula n'kuyamba kukuta mitu ndi penti yaufa yowotcha mu uvuni, theka la ubwino wa die imeneyi lakupitani, chifukwa palibe chounjikana. Ndinayesako njira imeneyo m'nyengo yozizira, mitu yofiira ngati maswiti. Chimene ndinapeza n'chakuti pentiyo imanenepetsa mphuno, ndipo mutu womwe uja umene unkalira kho pa 27.7 unayamba kuluma mizere mpaka nditatsika pa 27.5. Chikombole chomwecho, mtovu womwewo, mfuti yomweyo. Ndinabwerera kuphula, osati chifukwa penti ndi yoipa, koma sindinafune kumiza mutu kuposa pamene uli kale, komanso kauvuni kamene ndinagula kaunjika kananditenthera mitu theka.

Pa miyezi 8 imeneyi ndalodera nayo zipolopolo zopitirira 3,000. Mwezi watha ndinatola 50 m'bokosi mosasankha n'kuziyeza zonse: chachifupi kwambiri 27.35, chachitali kwambiri 27.45. Kusiyana kumeneko ndikukhulupirira kuti kukuchokera kumitu yanga, chifukwa chikombole chikatentha kwambiri kapena chikazizira mphuno zimatuluka zosiyanako, ndipo chokankha chimagwira m'mbali mwa mphuno osati pansonga penipeni pamene vernier imakhudza. Slide sinaimenso panjira. Dzimbiri sindinalione, ngakhale galaja yanga imadontha pakona m'dzinja. Kawaya kaja ndi kakang'ono, kanandigwera kamodzi pansi pa shelefu n'kukasaka chokwawa, ndiye tsopano ndimakaika m'chivindikiro cha botolo ndikamatsuka.

Kodi ndingaigulenso? Inde, ndipo ndikadzapeza laisensi ya .45 imene ndikuilota, ndidzagula inzake. Amene mumaloda mitu ya m'sitolo yokutidwa ndi mkuwa, die imene muli nayo ikukwanirani, ndalamayo gulirani vernier yabwino. Amene mumaumba nokha n'kumapaka phula, makamaka pa 9mm, iyi ndi yanu. Musayembekezere kuti ikusankhirani utali; umenewo mukaufunse kumpope wanu, kenako kumagazini, chifukwa chipolopolo chikhoza kulira kho mu chemba koma n'kukana kukwera bwino kuchoka m'magazini chikafupika kwambiri. Ine ndimaloda zachabe zisanu, kuziika m'magazini, n'kuzikoka ndi dzanja chimodzichimodzi ndisanathire wonga m'chigoba chilichonse.

Sabata yatha Oom anabwera kunyumba kudzatenga mtovu umene ndinamulonjeza. Anaona die ija pamakina, n'kusolola kawaya yekha osapempha, kachubu kagwera m'dzanja lake. Anakayang'anitsa padzuwa, n'kutokosa ndi chikhadabo, n'kutulutsa kaphula kobiriwira kangati njere ya mapira. Ndinali nditaloda 130 osatsuka. Sananene kanthu, anangokapaka pamalaya anga, n'kufunsa ngati tiyi alipo.